Kusaka Mneni ku Yeoville

Nasibeko wabwera ndi kalata yopinda kanayi,
yonyowa ndi thukuta la m'manja.
Akuti, Aphunzitsi, Chingerezi ndimachimva,
ndimalera nacho ana a eni ake ku Rosebank,
koma ichi ndachiwerenga katatu, mutu wake sindikuuona.

Amanditchabe aphunzitsi
ngakhale choko ndidachisiya ku Lizulu kalekale.
Kuno ndimalondera magalimoto ku Braamfontein,
dzina la kampani lili pamsana, langa lili m'thumba.

Magetsi azima. Tayatsa kandulo,
tayala pepala pa kireti yovundikira.
Chiganizo n'chimodzi, mizere khumi ndi iwiri,
mpumiro uli kutali kumunsi uko
ngati chipata cha Mwanza ukachiganizira uli pa Park Station.

Mwininkhani nayu pamwamba: mwini nyumba.
Angomutchula, mpatuliro wamutseka pakamwa,
nthambi yalowerera:
amene adagula nyumbayi kwa kampani
yomwe idagwa chaka chatha
pamene khonsolo idadula madzi
chifukwa alendi, omwe maina awo,
ngakhale adalembedwa, sakupezeka m'kaundula,
sadalipire.

Nasibeko wapumira m'mwamba. Nanga akufuna chiyani munthuyu?
Sanafikepo, ndatero. Akadali pakhomo, akupukuta nsapato.

Taona mmene tikhalira muno.
Mwini wake adabwereketsa fulati kwa bambo wa pa nambala sikisi,
amene adaidula ndi bolodi nabwereketsa theka kwa Welosi,
yemwe adapachika katani
nakupatsa iwe ngodya ya ku windo.
Wolemba kalatayi wamanga chimodzimodzi,
chipinda m'kati mwa chipinda,
aliyense kudalira khoma la mnzake.

Ana a Fomu Thuu ndinkawauza kuti,
phimba nthambi ndi chala, uwerengenso.
Chiganizo chikapanda kugwa, nthambiyo siima payokha.
Ndaphimba ya kampani. Chaima.
Ndaphimba ya madzi. Chaima.
Ndaphimba ya alendi osapezeka m'kaundula,
chala changa chakwana ndendende pa ife tonse,
chiganizo osatsimphina n'komwe.
Zala zandithera, Nasibeko wandibwereka zake,
zoyera ndi sopo wochapira.

Pakati pa zala zathu patsala kampata,
ndipo mneni ndi uyo, mzere wa khumi,
wakhala phee ngati njoka m'mulu wa njerwa:
akulamula.
Mwini nyumba akulamula kuti mutuluke mwezi ukatha,
ndiponso mulipire ngongole ya madzi.

Kandulo yadontha. Kunja minibasi ikuliza hutala pa Rockey.
Nasibeko akuwerenga masiku ndi milomo.

Dikira, pali kamchira.
Pokhapokha khoti litagamula mwina.
Kanthambi aka n'kamasiye, kafuna pogwira.
Kakagwira chapafupi, n'ka ngongole ya madzi basi,
ndiye kamange katundu.
Koma pakakhala mpatuliro patsogolo pake,
kamabwerera m'mbuyo kukakumbatira zonse,
ndi kutuluka komwe.

Ndasendeza pepala ku moto.
Kadontho kalipo, kakuda, kokhota pang'ono.
Koma m'nyumba muno mphemvu nazo zimalemba.

Nasibeko wakakanda ndi chikhadabo,
pang'onopang'ono, kuopa kuboola.
Wakapuzira mpweya. Wakandanso.
Sikakuchoka.

Ndiye ndigone? wafunsa.
Gona, ndatero, koma ine ndidaphunzira galamala, osati malamulo.
Mawa ndikaweruka tipite nayo ku ofesi ya maloya aulere,
akatiuze ngati kadontho kangatchinge chitseko.

Wapinda kalata m'mizere yake yomwe ija,
waibisa m'kati mwa pasipoti,
pasipoti m'kati mwa Baibulo,
Baibulo m'jumbo, jumbo pansi pa matiresi.
Ine ndavala jekete la eni ake,
ndatsika masitepe mumdima, ndikuwerenga,
sitepe iliyonse itatsamira inzake.